Kuponya leg spin mwa njira ya Anil Kumble, kwa inu amene mpira wanu sukhota kwambiri

Mwana aliyense amene wayamba kuponya leg spin, kaponyedwe ka mu kiriketi kopota mpira ndi mfundo ya dzanja, amafuna kukhala Shane Warne wa ku Australia. Waonera pa YouTube mpira ukugwa kunja kwa miyendo ya womenya, n'kukhota mpaka kukagwetsa kamtengo ka mbali inayo, ndiye m'mutu mwake leg spin ndi imeneyo basi. Ikapita miyezi wake mpira osakhota chomwecho, amagwa mphwayi. Ena amabwerera koponya mothamanga, ena amangosiyiratu.

Ine ndimaphunzitsa ana kiriketi masana akaweruka kusukulu, ndipo ana oterewa ndimawatchulira dzina lina, la Anil Kumble wa ku India. Mkuluyu anthu anamunena zaka zonse zimene anasewera kuti mpira wake sukhota, ena mpaka kumati ndi woponya mothamanga amene wangobisala m'gulu la opota mpira. Koma pamene ankapuma mu 2008 n'kuti atatulutsa omenya 619 m'masewero 132 a Test, masewero a masiku asanu a pakati pa mayiko. Omuposa alipo atatu okha: Muttiah Muralitharan ndi 800, Warne ndi 708, ndi James Anderson ndi 704.

Musanagwire n'komwe mpira, tengani bati ndi rula. Malamulo salola kuti bati ipitirire masentimita 10.8 mulifupi. Ndiye kuti kuchoka pakati penipeni pa bati kufika m'mphepete ndi masentimita 5 ndi kanthu, zala zitatu za munthu wamkulu. Mpira ukapatuka ndi zala zitatu zokhazo kuchoka pamene womenya amaudikirira, wagunda m'mphepete, ndipo wa ku slip, woima kumbuyo kwa womenya pambali pa kipa, waulandira. Ukapanda kupatuka pamene iye amayesa kuti upatuka, wadutsa m'kati mwa bati n'kukagunda padi, chotchingira mwendo wa womenya. Ntchito yonse ya Kumble inagona pa zala zitatu zimenezi, ndipo zonse zimene ndilembe m'munsimu zikuchokera pomwepa.

Musasinthe thupi limene muli nalo

Kumble anabadwa pa 17 Okutobala 1970 ku Bangalore, mzinda umene lero ukutchedwa Bengaluru, m'chigawo cha Karnataka. Ali mnyamata ankaponya mothamanga, kenako ndi pamene anatembenukira ku leg spin. Zizolowezi za woponya mothamanga sanazitaye. Ankabwera ndi liwiro, ankadumpha asanaponye, mkono unkadutsa pamwamba penipeni pafupi ndi khutu, ndipo poti ndi munthu wamtali, mpira unkachokera kumwamba n'kunjanja mpaka m'magolovesi a womenya. Dzina loti Jumbo limene anzake ankamuitanira linachokera pa kunyamuka kwa mpira wakeko ngati ndege yaikulu ya jumbo. Sanali woyamba kuponya chotere ku Karnataka. Kunali kale Bhagwat Chandrasekhar, amene poliyo inamulumaza mkono wamanja ali mwana, koma ndi mkono womwewo anatulutsa omenya 242 m'masewero 58 a Test, nayenso ndi leg spin yothamanga.

Choncho mwana akabwera kwa inu kuchokera koponya mothamanga, musayambe ndi kumuuza kuti achepetse liwiro. Aphunzitsi ambiri amalakwa pamenepa. Amafuna mwana aziyenda pang'onopang'ono ngati Warne, mkono utsike cham'mbali, mpira uuluke m'mwamba. Kwa mwana wamfupi wa dzanja lamphamvu zimenezo zimatheka. Kwa mwana wamtali, wa mkono wautali, mukumulanda chida chake. Musiyeni athamange masitepe ake, mungoonetsetsa kuti kathamangidweko ndi kofanana nthawi zonse, ndiponso kuti chigongono sichikupindika n'kuwongoka poponya. Chigongono chokhacho musachinyengerere, chifukwa akachizolowera ampaya adzamuletsa kuponya atakula kale.

Palinso nkhani ya pichi, pamalo pamene mpira umagwera pakati pa woponya ndi womenya. Ife timaseweretsa pa simenti yoyalapo mati, ndipo pamenepo mpira sugwira pansi ngati pa dothi louma la ku India pa tsiku lachinayi la Test. Umanjanja, umaterereka, koma kukhota kwake n'kochepa. Mwana amene akudikira kuti mpira wake ukhote theka la mita pa simenti adzadikira mpaka adzamera imvi. Amene akuponya molunjika timitengo, mpira ukuzungulira chakutsogolo, simenti yomweyo imamuthandiza.

Kagwiridwe

Ndilemba za woponya ndi dzanja lamanja amene akuponyera womenya wa dzanja lamanja. Chala chamkombaphala ndi chapakati zikhale pamwamba, zopingasa msoko wa mpira, zotalikirana pang'ono. Chala cha mphete chipindike, mbali yake igone pamsoko. Kachala kakumapeto kangotsatira mnzakeyo. Chala chachikulu chingokhudza mpira pang'ono kapena chisaukhudze n'komwe. Pakati pa mpira ndi chikhatho pazioneka mpata. Mpira ukamira m'chikhatho sungapoteke.

Chimene chimapota mpira ndi chala cha mphete pamodzi ndi mfundo ya dzanja, paja timavala wotchi. Dzanja limatembenuka kuchoka kumanja kupita kumanzere, monga mmene mumatsegulira mpope wa madzi wolimba, ndipo chala cha mphete chimakankha msoko pomaliza. Yambani muli chikhalire. Potani mpira kuchoka kudzanja lamanja kugwera kulamanzere, mobwerezabwereza, mpaka muzimva kaphokoso ka msoko ukuchoka pachala. Khungu la m'mbali mwa chala cha mphete lidzayamba kuwawa, kenako lidzalimba. Ngati chimene chikuwawa ndi chala chamkombaphala, ndiye kuti mukupota ndi chala cholakwika.

Mpira weniweni wa akuluakulu umalemera pakati pa magalamu 155.9 ndi 163, ndipo kwa mwana wa pulayimale ndi waukulu. Pezani wa ana ngati mungathe. Ngati palibe, mpira wa tenesi woukulunga tepi umagwira ntchito, koma mujambule mzere wakuda ndi cholembera kuzungulira pakati pake kuti mwanayo aziona mmene ukuzungulirira m'malere. Mzerewo ukamagwedezeka uku ndi uku ndiye kuti mpira wangotayidwa. Ukamaoneka bwinobwino, wosagwedera, ndiye kuti wapotedwa.

Tsono kumene chikhatho chikuyang'ana pa nthawi yotulutsa mpira ndi kumene kumasiyanitsa mitundu ya mipira. Chikayang'ana kwa womenya, mpira umagwa n'kukhotera kumanzere kwanu, kuchoka kumiyendo ya womenya kupita kumbali ya bati, imene timaitcha off. Imeneyo ndiyo leg break. Mukatembenuza dzanja kuti chikhatho chiyang'ane kumanja kwanu, kunja, mpira umazungulira chakutsogolo, umagwa msanga kuposa mmene womenya amaganizira, n'kudumpha molunjika. Imeneyo ndi top spinner. Mpira wa tsiku ndi tsiku wa Kumble unali pakati pa iwiriyi: kukhota pang'ono, kudumpha kwambiri. Mkono ukadutsa pamwamba penipeni zimenezi zimangochitika zokha, ndipo ine sindiona chifukwa cholimbana nazo.

Malo amodzi, tsiku ndi tsiku

Apa ndiye pamene pali ntchito yotopetsa, ndipo ana ambiri amathawira pomwepa.

Pichi ndi yotalika mamita 20.12 kuchoka pa timitengo ta mbali ino kufika ta mbali inayo. Musayambire pamenepo. Imani pa theka la mtundawo, osathamanga, phazi lamanzere kutsogolo, phewa lamanzere kuloza kumene mukuponya, n'kumaponyera mnzanu kapena khoma. Mpira ukamatuluka bwino, bwererani m'mbuyo masitepe awiri. Mukafika pa mtunda wonse ndi pamene muwonjezere kuthamanga.

Malo ogwetsera mpira muwapeze chonchi. Muimike womenya pamzere wake, atambasule mwendo kutsogolo mpaka pamene angathere, bati ili pafupi ndi padi. Kutsogolo kwa batiyo, sitepe imodzi yabwino kubwera kwa inu, yalani chidutswa cha katoni kapena thumba la ufa lopinda pawiri, molunjika kamtengo kapakati ndi ka off. Mpira ukagwa pamenepo womenya sadziwa kaya apite kutsogolo kaya abwerere m'mbuyo, ndipo poti wanu ukubwera ndi liwiro, alibe nthawi yosintha maganizo. Muchotseni womenyayo tsopano. Ponyani ova imodzi, mipira 6, muwerenge ingati yagunda katoni, mulembe m'kope. Ponyaninso ina. Mwana woyamba kumene akagunda kamodzi pa 6 wachita bwino. Amene akugunda kanayi pa 6 ndi wokonzeka kuponya m'masewero. Katoniyo muziichepetsa ndi sizasi sabata zikamapita.

Za kope ndikunenetsa. Kumble anaphunzira uinjiniya wa makina pa koleji ya RV ku Bangalore komweko uku akusewera kiriketi, ndipo aliyense amene anamuonera amadziwa kuti ankaponya ngati munthu wowerengera. M'masewero a Test okha anaponya mipira 40,850. Pa omenya 619 aja, 156 anatuluka ndi lbw, kutanthauza kuti mpira unagunda mwendo pamene ukanakagunda timitengo. Timitengo titatu pamodzi ndi totambalala masentimita 22.86 okha, koma iye ankatilondola ova ndi ova, moti womenya sankapeza mpira woti angousiya udutse kuti apumeko. Woponya amene mpira wake umakhota kwambiri nthawi zambiri umaphonya bati, n'kuphonyanso timitengo. Anthu amakuwa m'bwalo, koma womenya akadali pompo.

Komanso musaganize kuti zinamuyendera kuyambira pachiyambi. Test yake yoyamba inali ku Old Trafford mu Manchester mu Ogasiti 1990, ali ndi zaka 19, atavala magalasi ake aakulu aja. Woyamba kumutulutsa anali Allan Lamb. M'masewero omwewo ndi mmene Sachin Tendulkar anamenya marani (mapointi a mu kiriketi) 100 koyamba mu Test, ndiye maso onse anali pa Tendulkar. Osankha timu anamusiya Kumble panja zaka ziwiri. Anabwerera mu 1992 atatulutsa omenya 13 m'masewero a Irani Trophy a kwawo ku India, n'kupita ndi timu ku Zimbabwe ndi ku South Africa, ndipo ku Johannesburg anatenga mawiketi 6, kutanthauza kutulutsa omenya 6, atapereka marani 53. Chaka chotsatira England itapita ku India anatenga 21 m'masewero atatu, ndipo mu Novembala 1993 pa fainolo ya Hero Cup ku Eden Gardens anagwetsa West Indies ndi mawiketi 6 pa marani 12. Mu 1995 anakasewerera Northamptonshire ku England, dziko la mapichi a udzu kumene amati opota mpira amavutika, n'kutulutsa omenya oposa 100 m'chaka chimodzi.

Onerani Delhi 1999, koma muonere ngati wophunzira

Kanema wa tsikuli ali pa intaneti ndipo ndi waufupi. Ambiri amangoonera manja akukwera m'mwamba. Inu muziimitsa pa wiketi iliyonse n'kufunsa kuti mpira unagwa pati, unachita chiyani.

Linali tsiku la 7 Febuluwale 1999, pa bwalo la Feroz Shah Kotla, India ndi Pakistan. Pakistan inkafunika marani 420 kuti ipambane, ndipo Saeed Anwar ndi Shahid Afridi anayamba mwamphamvu mpaka kufika 101 popanda wotuluka. Kumble anali ataponyapo kale osaphula kanthu. Kaputeni Mohammad Azharuddin anamusinthira mbali ina ya pichi, ya ku Pavilion, ndipo mawiketi onse 10 anachokera mbali imeneyo. Phunziro loyamba ndi limenelo. Musanayambe masewero yendani pa pichi, muone mbali imene ili ndi ming'alu kapena pamene mati yakutha, muone kumene mphepo ikuchokera. Mukaponya maova awiri atatu zinthu osayenda, pitani kwa kaputeni mwaulemu mukapemphe mbali inayo. Si manyazi.

Afridi anatuluka atagwidwa ndi kipa Nayan Mongia. Analowa Ijaz Ahmed, ndipo mpira woyamba womwewo unali wothamanga, wofika pafupi ndi mapazi, wolunjika timitengo: lbw. Phunziro lachiwiri. Womenya amene wangolowa kumene maso ake sanazolowere, mapazi ndi olemera, ndipo m'mutu mwake akudikira mpira wokhota chifukwa wamva kuti woponyayo ndi wa leg spin. Musamupatse moni ndi mpira wa m'mwamba wapang'onopang'ono. Mupatseni wothamanga wolunjika mapadi. Yousuf Youhana anatuluka chimodzimodzi ndi lbw, Saqlain Mushtaq nayenso. Inzamam-ul-Haq ndi Saleem Malik mpira unawagwetsera timitengo. Werengani: theka la timu yonse linapita ndi mpira wolondola timitengo.

Theka linalo linagwidwa pafupi ndi bati. Anwar, amene anakana kutuluka mpaka atamenya 69, anagwidwa ndi VVS Laxman pa short leg, pafupi penipeni ndi womenya kumbali ya miyendo, ndipo womaliza, Wasim Akram, anagwidwanso ndi Laxman pamalo omwewo. Mpira wodumpha umagunda bati chakumtunda, kapena bati ndi padi, n'kuuluka pang'ono chapafupi. Ndiye woponya wa mtundu uwu amafunika slip mmodzi ndi munthu wapafupi kumbali ya miyendo. Koma apa ndichenjeze aphunzitsi anzanga: mwana wamng'ono musamuimike pa short leg ndi mpira wolimba, kaya wavala chipewa cholimba kaya ayi. Muikeni patali ndithu, cha ku midwicket, ngakhale mipira ina igwere pansi.

Pomaliza manambala ake anali maova 26 ndi mipira 3, marani 74, mawiketi 10, ndipo India inapambana ndi marani 212. Asanachite iye, anali atachitapo Jim Laker wa England yekha mu 1956, ndipo pambuyo pake wachitapo Ajaz Patel wa New Zealand ku Mumbai mu 2021. Kanthu kena kamene ndimakonda kuwasonyeza ana: atatsala womenya mmodzi, Javagal Srinath amene ankaponya mbali inayo anayamba kuponyera kunja dala kuti wiketi yomalizayo imudikire mnzake. Woponya mothamanga wa dzina lake kulolera kuoneka ngati wasokonezeka mutu pamaso pa bwalo lodzaza! Mukapeza mnzanu wotere mbali inayo, mugulireni fanta.

Googly idikire

Mwana akangodziwa leg break, sabata yomweyo amabwera: "Aphunzitsi, ndiphunzitseni googly." Ndimamuyankha kuti andionetse kaye kope lija.

Kaponyedwe kake si kovuta kufotokoza. Kagwiridwe n'komweko, kupota n'komweko, koma dzanja limatembenuka kupitirira pa top spinner mpaka kumbuyo kwa dzanja kuyang'ane womenya, mpira n'kutulukira pamwamba pa kachala kakumapeto. Ukagwa umakhotera m'kati, kumiyendo ya womenya. Vuto lake ndi loti dzanja likazolowera kutembenuka chotero limaiwala leg break, ndipo mwana amapezeka kuti mpira uliwonse akuponya googly osafuna. Kumubweza pamenepo kumatenga miyezi. Ndiye lamulo langa ndi ili: googly iyambe pamene katoni ikugundidwa kanayi pa 6, ndipo poyeserera, pa mipira 6 iliyonse googly ikhale umodzi wokha, womaliza ndi leg break nthawi zonse.

Pali mpira wina wotchedwa flipper, umene umafinyidwa pakati pa chala chachikulu ndi zala ziwiri zoyamba ngati mukuliza zala, n'kutuluka pansi pa dzanja, kuterereka osadumpha. Umenewo ndi wa akuluakulu. Mwana wa kaponyedwe ka Kumble ali nawo kale mpira wothamanga wolunjika, sakusowa kanthu.

Chimene chimandilimbitsa mtima pa nkhani yodikirayi ndi mbiri ya mwini wakeyo. Zaka zake khumi zoyambirira anthu ankati Kumble ndi woopsa ku India kokha, kumene pichi imaphwanyika, koma akapita kunja alibe mano. M'mawu amenewo munali choonadi china. Kenako phewa lamanja linavulala, anachitidwa opaleshoni kumayambiriro kwa 2001, ndipo masewero otchuka a chaka chimenecho pakati pa India ndi Australia anaonerera mkono uli m'nsalu, Harbhajan Singh akutenga mawiketi 32. Kumble atabwerera anayamba kusintha. Anayamba kuponya ina pang'onopang'ono, kuiulutsa m'mwamba, kugwiritsa ntchito googly kwambiri, kusinthasintha malo oponyera pamzere. Pa ulendo wa ku Australia wa 2003 mpaka 2004 Test yoyamba sanasewere n'komwe. Kumble analowa pamene Harbhajan anavulala chala, ndipo m'masewero atatu otsalawo anatenga mawiketi 24, kuphatikizapo 8 pa marani 141 ku Sydney. Apo n'kuti ali ndi zaka 33. Ngati munthu wa mawiketi oposa 300 ankaphunzirabe mipira yatsopano pa msinkhu umenewo, mwana wa Fomu 1 akuthamangira kuti?

Taonaninso nambala ija, 141. Ku Adelaide anapereka marani 154 kuti apeze mawiketi 5, ku Melbourne 176 kuti apeze 6. Woponya leg spin amamenyedwa, ndipo tsiku lina amamenyedwa kwambiri. Mpira ukapita kunja kwa bwalo musathamangire kusintha chilichonse. Funsani funso limodzi: unagwa pa katoni? Ngati unagwa pamenepo n'kumenyedwabe, womenyayo wachita mwayi kapena waika moyo wake pachiswe, ndipo mumupatsenso womwewo. Ngati unagwa pafupi ndi inu kapena unafika osagunda pansi, vuto ndi lanu, ndipo nthawi zambiri limakhala loti mkono wamanzere wagwa msanga kapena mutu wapendekera kumbali. Inu akaputeni, mwana wa leg spin musamuchotse chifukwa cha ova imodzi yoipa. Mukatero mawa adzaponya mwamantha, ndipo wamantha amasiya kupota, amangokankha.

Phewa, nsagwada ndi manja

Leg spin imadya phewa. Musanaponye zunguzani mikono, kokani labala yomangirira pamtengo kulimbitsa minofu ya kuseri kwa phewa, ndipo mwana akanena kuti phewa likubaya, tsiku limenelo kuponya kwatha. Kuwawa kwa khungu la chala n'kwabwino. Kuwawa kwa m'kati mwa phewa kapena kumsana ayi.

Ndikunena izi chifukwa chithunzi chotchuka kwambiri cha Kumble chimaphunzitsa zosiyana. Mu Meyi 2002 ku Antigua, akumenya, mpira wa Mervyn Dillon unamuthyola nsagwada. Atauzidwa kuti abwerere kwawo kukachitidwa opaleshoni, anatuluka m'chipinda mutu wonse uli m'bandeji, kuyambira kuchibwano mpaka pamwamba, n'kuponya maova 14 motsatizana, ndipo anatulutsa Brian Lara ndi lbw. Ndi kulimba mtima kosowa, ndipo sindingakuchepetse. Koma anali munthu wamkulu, wodzisankhira yekha, dokotala wa timu ali pompo. Mwana wanu akagundidwa kumutu, atuluke m'bwalo apite kuchipatala, nkhani ya Antigua mudzamuuza atachira. Chimene ndimafuna ana atengepo pa kanema ameneyo n'china: munthu amene sakutha n'kutsegula pakamwa komwe akugwetsabe mpira pamalo pomwe paja, chifukwa thupi linaloweza.

Mukaponya musaime n'kumaonerera. Mkono wamanja upitirire mpaka kudutsa ntchafu yamanzere, mwendo wamanja ubwere kutsogolo, ndipo manja onse awiri akhale okonzeka, maso pa bati. Mpira wa top spin umagwa msanga, womenya amaumenya usanafike bwino, ndiye umabwerera kwa woponya m'malere. Kumble anagwira yekha omenya 35 mwa njira imeneyi mu Test. Ngakhale wiketi yake yomaliza, Mitchell Johnson wa Australia, pa Kotla pomwe paja mu Novembala 2008, anaigwira yekha, dzanja lamanzere lili ndi ulusi wa kuchipatala chifukwa chala chinali chitang'ambika. Poyeserera, mnzanu aime ndi bati ndi mpira wachiwiri, ndipo inu mukangoponya wanu iye amenye winawo kubwerera kwa inu. Masiku oyamba mudzaugwira ndi chifuwa.

Bati nayonso musainyoze. Kumble anadikira mpaka Test yake ya nambala 118 kuti amenye marani 100, pa The Oval mu Ogasiti 2007, pamene anatsala osatuluka ndi 110. Miyezi itatu pambuyo pake anamupatsa ukaputeni wa timu ya Test ali ndi zaka 37, ndipo mu Januwale 2008 anatsogolera India kupambana ku Perth, m'masewero omwe anatulutsiramo Andrew Symonds kukhala wiketi yake ya 600. Woponya amene amatha kukhala pa bati theka la ola savuta kumusankha m'timu.

Nanga m'masewero a maova 20?

Kuno kwathu masewero ambiri ndi a T20, a maova 20 timu iliyonse, ndipo wina anena kuti zonsezi ndi za masiku asanu a Test, pamene iye ali ndi maova 4 okha, mipira 24. Kaponyedwe aka ndiye kamakwanira bwino kumeneko. Mu 2009 IPL, mpikisano wa T20 wa matimu a ku India, unachitikira ku South Africa, ndipo Kumble, atapuma kale ku timu ya dziko, ali ndi zaka 38, anatenga mawiketi 5 pa marani 5 ku Cape Town akusewerera Royal Challengers Bangalore polimbana ndi Rajasthan Royals. Pa fainolo ku Johannesburg, ali kaputeni, anadzipatsa yekha ova yoyamba n'kugwetsa timitengo ta Adam Gilchrist asanapeze rani ngakhale imodzi. Anamaliza ndi mawiketi 4 pa marani 16, ngakhale chikho chinapita kwa Deccan Chargers.

Mu T20 katoni ija muisunthire pang'ono kubwera kwa inu, kuti womenya asaufikire ndi sitepe imodzi n'kuunyamula. Mzere ukhale kamtengo kapakati ndi ka off, osamupatsa mpata wotambasula manja. Ikani anthu awiri kumalire kutsogolo kwa womenya, wina long on wina long off, wachitatu ku deep midwicket, ndipo muuzeni kipa chizindikiro cha googly musanayambe kuti asadzaphonye. Maso anu akhale pa mapazi a womenya mpaka nthawi yotulutsa mpira. Mukaona akutsika kubwera kwa inu, ponyani wothamanga, wamfupi pang'ono, kunja kwa off, kipa amalize ntchito. Mukaona wabwerera m'mbuyo kudikira wamfupi, mufikitseni pamapazi. Ndipo akakumenyani 6 pa mpira wachisanu, wachisanu ndi chimodzi usakhale googly yobwezera mkwiyo. Ponyani mpira wanu wa tsiku ndi tsiku, mutenge chipewa chanu kwa ampaya, mupite mukaime kumene kaputeni wakuikani.